Gule wa a Gulo

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, pakuti nthano iyi sindiibwereza chifukwa cha munthu wobwera mochedwa.

Padali Nkhwali, mayi wa ana anayi, amene pamudzi wa mbalame ndi tizilombo tapansi ankadziwika ndi zinthu ziwiri: mawu ndi mwambo. Mawu ake akafuula kuno, ankayankhidwa ndi a mudzi wachitatu. Za mwambo ndiye ankadzitama poyera kuti chiyambire kuswa, Kabawi, mbalame ija ya zikhadabo yokwatula ana a anzake dzuwa lili pamutu, sadalawepo ngakhale nthenga ya mwana wake. Ndipo kudzitamako sikudali kwabodza. Mwana aliyense wa Nkhwali, asanadziwe n'komwe dzina lake, ankayamba waloweza lamulo la pakhomo: mimba pansi, diso limodzi kumwamba. Akagona choncho m'fumbi, ngakhale mayi wake ankachita kumuponda kuti amupeze.

Tsiku lina Mfumukazi Nkhanga adatulutsa ana ake pabwalo kuti mudzi uwaone. Nthungululu zili pakati, chithunzithunzi chidadutsa pansi. Aliyense adalowa kumene mlomo wake udaloza, nduna m'zitsamba, mfumukazi kunsi kwa nduna, onse atatsinzina. Nkhwali yekha, mimba pansi, diso kumwamba, ndiye adaona zimene zidachitika. Adaona Mnthengu, kambalame kakuda bii ka mchira wa mphanda, kakuchoka mumtengo ngati mwala wa legeni, n'kumujompha Kabawi pankhongo. Kamodzi, kawiri, katatu, mpaka Kabawi adaiwala chimene adadzera. Awiriwo adathamangitsana mpaka kuzimiririka.

Adaonanso china. Pamwamba pa chulu cha pabwalo padali Gulo, buluzi uja wa mutu wobiriwira, akuothera dzuwa. Iyeyu za Kabawi sadazione n'komwe, chifukwa adali pa nkhondo yakeyake. Adameza chikumbu chachikulu kuposa khosi lake, ndipo chidamukakamira pammero. Mutu m'mwamba, mutu pansi, mutu m'mwamba, mutu pansi, kuti chitsike.

Woyamba kutuluka m'zitsamba adali Pumbwa, nduna yolengeza nkhani za kwa mfumu, mbalame imene pakamwa pake sipadziwa kupuma. Adayang'ana kumwamba, kuli mbee. Adayang'ana pachulu.

"Akulu inu! Mwakhala pompo nthawi yonseyi?"

Mutu m'mwamba, mutu pansi.

"Ndiye kuti Kabawi mwamuthamangitsa ndinu?"

Mutu m'mwamba, mutu pansi.

"Ndi mutu wokhawo?"

Pa funso lachitatuli chikumbu chidatsika. Gulo adatsegula pakamwa kuti afunse kuti Kabawi wake uti, koma adaona khamu likutuluka m'zitsamba, amayi akuliza nthungululu, mfumukazi akubwera ndi lichero la ngumbi zokazinga. Gulo adali waulesi, koma chitsiru ayi. Adatseka pakamwa. Adagwedezanso mutu.

Dzuwa lisanapendeke Pumbwa adali atapeka kale nyimbo. Idali ya mawu ochepa, yoti ngakhale dzira likhoza kuiloweza: woyambitsa ankafunsa kuti ndani sathawa, khamu n'kuyankha ndi dzina la Gulo katatu, mitu ikugwedezeka pa dzina lililonse. Adamupatsanso dzina laulemu, a Saphethira.

Basi, kutchuka kudayambira pomwepo. Alendo ankachokera kutali kudzaona buluzi akugwedeza mutu, n'kubwerera kwawo okhutira. Ana oswedwa mwezi umenewo, aamuna adatchedwa Gulo, aakazi Nagulo, moti mayi mmodzi akaitana mwana wake ankabwera khumi ndi awiri. Odwala ankanyambita dothi la pachulu. Ena ankabwera ndi mafunso. Kodi mvula igwa? Mutu m'mwamba, mutu pansi. Ikagwa, a Saphethira ananena. Ikapanda kugwa, wofunsayo ndiye anafunsa molakwika. Chiyambire tsiku la chikumbu lija, Gulo sadalankhulenso liwu pagulu. Womasulira adali Pumbwa, uku akumasulira, uku dzanja lili m'lichero.

Akuluakulu akapenga pang'ono, ana amapenga zenizeni. Ana a pamudzipo adayamba kupaka mitu yawo madzi a mabulosi kuti ifanane ndi wa Gulo, n'kumakwera pa chitsa chilichonse, chifuwa patsogolo, kugwedeza mitu dzuwa lili pamutu.

"Mimba pansi!" adafuula Nkhwali m'mawa wina, monga ankachitira powayesa ana ake.

Atatu adagwa, mochedwa, akuyang'anana. Sekerani, mwana wake wachisamba, adaima chilili, mutu uli nyowee ndi mabulosi.

"Iwe Sekerani, makutu wawasiya kuti?"

"Amayi, zogona m'fumbizo n'zachikale. A Saphethira sagona."

"A Saphethira ndi atsibweni ako?"

"Anzathu amatiseka. Amati ana a kwa Nkhwali amapembedza dothi."

"Dothi lomwelo ndi limene lakukulitsa mpaka wamera pakamwa pondiyankhira ine. Kasambe."

Sekerani adakasamba, koma pofika masana mutu udali utabiriwiranso.

Nkhwali adaona kuti nkhaniyi ndi yofunika bwalo. Adayamba wapita kwa Mnthengu, adamupeza pansonga ya mtengo, maso ali kumwamba.

"Achimwene, ntchito munagwira ndinu, akudyera ndi wina. Tiyeni kubwalo mukanene."

"Ine ndikapita kubwalo, kumwambaku ayang'anako ndani?" Mnthengu adayankha osatembenuka n'komwe.

"Mbiri yanu ikubedwa masanasana!"

"Mbiri imeneyo, achemwali, amaidya ndi ndiwo zanji? Ine sindinailawepo. Pitani, mukundisokoneza."

Nkhwali adapita yekha. Adaima pakati pa bwalo n'kufotokoza zonse mwadongosolo, za Mnthengu, za nkhongo ya Kabawi, za chikumbu, osasiyako kanthu. Adalankhula bwino, moti pakadakhala woweruza wamutu, mlandu ukadathera pomwepo.

"Make Sekerani," adatero mfumukazi, "ife tonse tinalipo tsiku limenelo. Palibe anamuona Mnthengu."

"Munatsinzina, amfumu."

"Ndiye mwavomereza nokha kuti palibe anamuona."

Pumbwa adadumphira patsogolo. "Amfumu, tisavutike, eni ake ali pompa. A Saphethira, kodi mayiwa yawagwira ndi nsanje?"

Mutu m'mwamba, mutu pansi.

Bwalo lidasweka ndi kuseka. Nyimbo ija idaonjezeredwa ndime, yonena za mayi wina amene miyendo yake idafiira ndi nsanje, ndipo pa dzina la Gulo mitu idagwedezeka mwamphamvu kuposa kale. Pobwerera kunyumba Nkhwali adamva ana ake omwe akuing'ung'udza kumbuyo kwake.

Sabata lomwelo Kabawi adatenga mwana wa Zinziri pachitsa. Mnthengu adali mmodzi, zitsa zidali zambiri, ndipo kale ana ankabisala, tsopano ankadzionetsa okha ngati tomato wa pamsika. Pumbwa adalengeza kuti mwanayo anagwedeza mofulumira, komanso mabulosi amene anapaka anali osapsa. Makolo adamva, adamvetsa, adathamangira kukafuna mabulosi akupsa.

Nkhwali, poti diso lake silinkagona, adali ataona kanthu kamodzi. Gulo ankakwera pachulu m'mawa, koma zithunzithunzi zikayamba kufupika Pumbwa ankalengeza kuti akuluakulu akapume kaye. Nthawi imene Kabawi amasaka, a Saphethira ankakhala ali kumphako kwawo kuseri kwa chulu. Kumeneko ndi kumene Nkhwali adawapeza, mimba ili m'mwamba, mapiko a ngumbi ali mbwee.

"Odi, a Saphethira."

"Lowani, mayi a miyendo yofiira."

"Kani mumalankhula?"

"Pakakhala palibe wondimva."

"Mwana wa Zinziri wapita. Auzeni ana atsike pazitsa. Liwu limodzi lokha lochokera kwa inu."

"Ndinawauza ndine kuti akwere? Tchulani tsiku limene ine ndinatsegula pakamwa. Ine ndimangogwedeza mutu wanga, pakhosi langa, pachulu cha makolo anga. Wina akaonapo nzeru pamenepo, maso ndi ake."

"Mukudziwa bwino kuti anathamangitsa Kabawi ndi Mnthengu."

"Ndiye abwere akwere pachulu, agwedeze. Ndamuletsa? Mayi, khamu likatsegula maso limaombera m'manja amene lamupeza. Tapaniko ngumbi mukapatse ana, akuti akuwonda ndi fumbi."

Nkhwali adatuluka osatapa. Panjira adaganiza: mutu umenewu umangodziwa kuvomera, kukana sudziwa. Chabwino. Uvomere chimene chiuphe.

M'mawa mwake, khamu litadzaza, adakweza mawu. "Ndili ndi funso kwa a Saphethira, ndipo a Pumbwa asandifunsire. A Saphethira, kodi inu ndinu wabodza, wamantha, buluzi wamba amene anangotsamwidwa ndi chikumbu?"

Gulo adamuyang'ana Nkhwali nthawi yaitali. Kupukusa mutu sakadatha, pakuti a Saphethira sadapukusepo. Kulankhula sakadatha, pakuti wosalankhula akalankhula amasanduka munthu ngati wina aliyense. Pang'onopang'ono, mwaulemu ngati wolandira mphatso, mutu m'mwamba, mutu pansi.

Ngumbi idamutsamwa Pumbwa. Adatsokomola, adaphethira, kenaka nzeru za pamimba zidamubwerera.

"Mwaona? Mwaona, anthu inu? Kudzichepetsa! Awatukwana pamaso pa ana, iwo avomera! Ndani wa inu angatero? Wamkulu weniweni salimbana ndi mayi wofiira miyendo!"

Amayi adalira misozi. Ena adakomoka. Nyimbo idaonjezeredwanso ndime, yotamanda mtima wofatsa umene umameza mwano ngati chikumbu, ndipo madzulo omwewo ana ena adayamba kumeza zikumbu zamoyo. Alendo adachuluka kawiri. Msampha wa Nkhwali udagwira, koma udagwira mwini wake.

Patapita masiku atatu, dzuwa lili pamutu, Ndaziona, mwana wake wamzime, adafika akuthamanga. Adangoloza. Nkhwali adathamangira kumene adalozako. Pachitsa padali nthenga zitatu zonyowa ndi mabulosi. Sekerani padalibe.

Maliro adali a nthenga zitatuzo. Anamfedwa ali m'nyumba, olira ali pakhomo, kudamveka phokoso kunjira: a Saphethira akubwera kudzapepesa, atakwera pamsana pa Kamba. Olira adapukuta misozi, adasiya nthenga, adathamangira kukawachingamira ndi nthungululu. Pumbwa adalankhula m'malo mwawo, kuti mnyamatayu wapita chilili, ngati mwamuna, ndipo achinyamata atengerepo chitsanzo. Gulo adagwedeza mutu. Mayi wina adamugwira Nkhwali phewa, maso akuwala.

"Mwayi wanu, make Sekerani. Maliro a mwana wanga a Saphethira sanafikepo."

Nkhwali adatola nthenga zitatu zija. Aka kadali koyamba pamudzipo kuti mawu amuthere.

Kutacha adawerenga ana ake, atatu. Pamutu pa Ndaziona padali kadontho ka mabulosi.

"Ichi n'chiyani?"

"Kuti tizikumbukira achimwene, amayi. A Pumbwa anati anapita ngati mwamuna."

Nkhwali adakhala pansi. Choonadi adachinena, adasekedwa. Msampha adatchera, udanenepetsa nyama. Kukalipa adakalipa, mwana adapita. Adayang'ana kadontho kaja, adaona kuti pakhomo pake mawu ake adatha mphamvu, ndipo ana ake ali ndi mayi wina, wa mutu wobiriwira. Mbuzi ikakana chingwe umaitsogolera ndi msipu. Adanyamuka, adathyola mabulosi akupsa kwambiri, adapaka mutu wake wonse mpaka m'khosi.

Adafika pabwalo akukwawa ndi maondo.

"Ndinachimwa, amfumu. Nsanje inandichititsa khungu. Ndiloleni ndiwayimbire a Saphethira."

Palibe chimene khamu limakonda kuposa wotsutsa wolapa. Adamupatsa malo patsinde pa chulu. Nkhwali adatsegula pakamwa, ndipo nyimbo imene Pumbwa ankaiyimba ngati khomo losadzozedwa mafuta idatuluka ngati bingu. Adasunga funso lija ndi yankho lake la dzina katatu, koma ndime adaika zake. Ina inkati Gulo amasesa pakhomo pake ndi nthenga za Kabawi. Ina inkati Kabawi ndi nkhuku yobwereka zikhadabo. Yoposa zonse inkati amake Kabawi amatungira Gulo madzi osamba, ndipo akachedwa amagwada. Khamu lidapenga. Pumbwa adayesa kukweza mawu, koma adangooneka kuti pakamwa pakuyenda. Mfumukazi adalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo woyimba wamkulu wa pabwalo ndi make Sekerani.

Masiku asanu ndi awiri adayimba, mutu atauloza kumwamba. Gulo ankamva kukoma. Sadaganize kuti mawu ofika mudzi wachitatu amafikanso kumitambo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Nkhwali adagwada pamaso pa mfumukazi.

"Amfumu, a Pumbwa ananena zoona. Ana athu akutha chifukwa amagwedeza molakwika. Angadziwe bwanji asanaone eni ake akuchita? Mawa ana onse atsike pazitsa, asonkhane pano m'munsi mwa chulu. Pamwamba pakhale a Saphethira okha, dzuwa lili pamutu, aonetse ana mmene amachitira Kabawi akabwera."

"Koma nthawi imeneyo akuluakulu amapuma," adatero Pumbwa.

"A Pumbwa, mukuti a Saphethira amaopa masana?"

Khamu lidamuyang'ana Pumbwa moipa. Pumbwa adabwerera m'mbuyo.

"Tiwafunse eni ake," adatero Nkhwali. "A Saphethira, inu amene amake Kabawi amakutungirani madzi, mudzakhala pachulu mawa dzuwa lili pamutu?"

Gulo adatsitsa mutu ngati akuganiza mozama, n'kunong'ona ndi mbali ya pakamwa, "Mayi, mukufuna kundipha?"

"Gwedezani, bambo," Nkhwali adanong'onanso. "Anthu akuyang'ana."

Mutu m'mwamba. Udakhalitsa m'mwambamo. Mutu pansi.

Madzulo Nkhwali adapitanso pansi pa mtengo wa Mnthengu.

"Achimwene, mawa ana onse adzakhala malo amodzi. Kwa tsiku limodzi zitsa sizikuchulukirani."

"Ndamva. Ndidzakhala mumtengo wa pabwalo."

"Koma musadzafulumire. Mudzamulole atsike kamodzi."

Apa Mnthengu adatembenuka. "Mukufuna buluziyo adyedwe?"

"Sindikudziwa, achimwene. Ndili ndi nthenga zitatu kunyumba. Ndidzaona mawa."

Gulo adali ataganiza zodwala mutu m'mawa mwake, kapena kukaona achibale kutali. Koma kutchuka kuli ndi kaubwino kake, sungathawe osaoneka. Potuluka kumphako adapeza khamu litazinga kale chulu, ndipo adamunyamula ndi nyimbo mpaka pamwamba. Ana adadzaza m'munsi, mitu ili biriwiri, maso onse pa iye. Zithunzithunzi zidafupika. Pumbwa adasuntha ndi lichero lake kufupi ndi zitsamba. Nkhwali adayambitsa ndime ya amake Kabawi, adaibwereza, adaibwerezanso, mawu akung'amba mmero.

Kabawi adali atamva nyimbo imeneyi sabata yathunthu. Za nthenga adapirira, za nkhuku adapirira, koma za amake zidamukwana. Adapinda mapiko.

Gulo adakweza mutu kuti agwedeze, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adaona chinthu chimene adatchuka nacho. Chidali ndi maso achikasu, ndipo chinkakula. A Saphethira adaphethira. Adagubuduka kuchoka pachulu, khu! patsinde, mimba pansi, miyendo tambasu. Kubiriwira konse kwa mutu kudathawa ndi mantha, adatuwa mbuu ngati dothi lomwelo. Khosi lidapindikira kumbali, diso limodzi lili kumwamba kuyang'ana imfa. Zikhadabo za Kabawi zidakwatula nsonga ya chulu. Kabawi adakwera m'mwamba kuti atembenuke, ndipo potembenukapo adaona chimene sadachionepo chibadwire: ana a mudzi wonse pamalo amodzi, ataima chilili, mitu yopakidwa kuti asavutike kusankha.

Akuluakulu adali kale m'zitsamba, atatsinzina monga mwa mwambo wawo. Ana okha ndiwo adatsala, kukamwa yasa, akuyang'ana ngwazi yawo ili m'fumbi. Kuthawa n'kwachikale, kugona n'kwachikale, ndipo amene amawauza chatsopano adali gone.

Pa lilime la Nkhwali padali mawu amene adawasunga chiyambire bwalo loyamba: mwaona, sindinanene? Adali okoma mawuwo, okoma kuposa ngumbi zonse za Gulo. Akadawatulutsa, miyendo yake ikadayera, Pumbwa akadasowa pobisa mlomo, nthenga zitatu zija zikadalipiridwa. Koma ana akadaima pompo kumvetsera, ndipo pakati pawo padali Ndaziona ndi kadontho kake. Nkhwali adawameza mawuwo. Adali aakulu kuposa chikumbu, ndipo adamupweteka potsika.

Adaliza nthungululu imene idagwedeza masamba.

"Gule watsopano! A Saphethira atulutsa gule watsopano! Taonani mimbayo! Taonani mutuwo, mabulosi atha ntchito, tsopano ndi fumbi! Diso limodzi kumwamba! Wotsalira ndi wachikale!"

Ana amenewo Kabawi sankamuopa, koma kutchedwa wachikale ankakuopa koposa imfa. Nkhwali adayambitsa nyimbo yomwe ija ndi mawu ena: woyambitsa adafunsa kuti ndani amasowa ukumuyang'ana, ndipo dzina la Gulo lidayankhidwa katatu, lililonse motsika kuposa linzake, pa lachitatu mimba pansi. Ana adagwa onse pamodzi ngati mapira odulidwa. Adapaka mitu fumbi mopikisana, aliyense kufuna kutuwa kuposa mnzake. Adapinda makosi monga adapindira mwini gule.

Kabawi adatsika kachiwiri, zikhadabo zili tambasu, n'kupeza bwalo la fumbi ndi timiyala. Adazungulira, osamvetsa kumene chakudya chonse chija chapita. Ali mkati modabwa, kanthu kakuda kadachoka mumtengo ngati mwala wa legeni. Kamodzi pankhongo, kawiri, katatu, kanayi. Nthenga za Kabawi zidagwera pabwalo, ndipo awiriwo adathamangitsana mpaka kuzimiririka.

Woyamba kutuluka m'zitsamba adali Pumbwa. Adayang'ana kumwamba, kuli mbee. Adayang'ana pansi, nthenga za Kabawi zili pafupi ndi Gulo.

"Amuthamangitsanso! Ulendo uno chogona! Anthu inu, chogona!" Adatsokomola pang'ono. "Gule ameneyu tinakonzera limodzi dzana, ine ndi iwo."

Nthungululu zidalira. Mfumukazi adaitanitsa malichero awiri a ngumbi. Amayi adayamba kukangana kuti ndani mwana wake anagwa moyamba, ndipo mayi uja wa pamaliro adauza aliyense kuti iye mabulosi sankawakonda chiyambire.

Phokoso lili pakati, Nkhwali adawerama pamene padali Gulo, amene adali asanayambe kupuma bwino.

"Mayi," adanong'ona Gulo, "mwandibisira manyazi. Ndikupatseni chiyani?"

"Manyazi anu ndilibe nawo ntchito. Mverani. M'mawa gwedezani mmene mungafunire, idyani ngumbi mpaka muphulike. Koma chithunzithunzi chikadutsa, ngakhale cha tsamba, mimba pansi, ana akuona. Tsiku limene mudzaime chilili, ndidzawayimbanso amake Kabawi, ndipo tsiku limenelo a Mnthengu ndidzawauza kuti apume. Mwamva, a Saphethira?"

Mutu m'mwamba, mutu pansi. Aka kadali koyamba kuti mutu wa Gulo uvomere chinthu chimene mwini wake wamva.

Pobwerera kunyumba ana atatu aja ankagwa panjira paliponse, kuyeserera gule. Tsamba likagwa, phee. Gulugufe akadutsa, phee. Nkhwali adaponda mmodzi osamuona.

"Amayi," adatero Ndaziona akudzisasa fumbi, "gule wa a Saphethirayu akufananako ndi zija munkatiphunzitsa."

"Akufananako? Kaya."

"Koma wawo ndi wabwinoko."

"Inde, mwanangu. Wawo ndi wabwinoko." Mawu adatuluka osasa, okhadzula. Nyimbo ya masana aja idali itang'amba mmero wake, ndipo sudapolenso.

Adayenda pang'ono. Ndaziona adakoka phiko la amake.

"Amayi, nditagona paja diso linali kumwamba, monga anachitira a Saphethira. Ndinaona wina wakuda akumenya Kabawi pamutu. Anzanga enanso amuona. Ameneyo ndani?"

"Ameneyo alibe nyimbo."

"Nanga dzina ali nalo?"

Nkhwali adaima. Adaloza pansonga ya mtengo pamene kanthu kakuda kadali katabwerera kale, nthenga zitasokonekera, maso ali kumwamba, osadziwa kuti pansi pali woyang'ana.

"Dzina lake ndi Mnthengu."

Mwanayo adalitchula kamodzi, motsitsa, osagwedeza mutu. Kenaka adayang'ana kumwamba nayenso, ndipo amake sadamufulumizitse.

Mpaka lero mukamupeza Gulo pachulu, mutu m'mwamba, mutu pansi, dziwani kuti akadali wotchuka, ndipo chimene adachita palibe akuchikumbukira. Ingokwezani dzanja chithunzithunzi chimugwere, muone gule. Nkhwali mawu ake akadali osasa, ana ake mukhoza kuwaponda osawaona, ndipo Mnthengu nyimbo alibe.

Mbatata yanga ndaphula, yapsa bwino monga mwa masiku onse. Wofuna kugwedeza mutu agwedeze, koma ayambe wayang'ana kumwamba.